Shop steward si woyambitsa sitalaka: ntchito yake yeniyeni ndi iti?

[Wofotokoza wanyamula envulopu yakhaki]

Lachisanu masana, mukulongedza kuti muweruke, mesenjala akukupatsani envulopu ngati iyi. Mkati muli kalata yoti Lolemba 9 koloko mukaonekere ku hearing, bwalo la pakampani lomva mlandu wanu wa pantchito. Muimbira ndani? Abusa? Msuweni uja anayamba maphunziro a zamalamulo n'kusiyira panjira? Munthu woyenera kumuimbira mwina mumadya naye chipisi pachiwaya tsiku lililonse, koma bwana akamadutsa mumamuthawa. Musachoke, chifukwa kumapeto ndikuuzani za miyezi itatu imene yagwetsa anthu ambiri.

Takulandirani nonse. Lero tikukamba za oimira yuniyoni pamalo a ntchito, amene ambiri timangowatchula kuti ma shop steward. Ngati simunapange subscribe, batani lake lili pansipo, dinani ndi kabelu komwe, n'zaulere.

Zoyambira tizithamange. Shop steward ndi wantchito mnzanu, wolembedwa pakampani pomwepo, amene mamembala a yuniyoni anamusankha kuti aziwalankhulira. Si wa ku ofesi ya leba, si wa HR, ofesi ya kampani yoona za antchito. Ufulu wolowa yuniyoni, kapena wosalowa, uli m'gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino. Zina zonse zili mu Labour Relations Act ya 1996 ndi Employment Act ya 2000. Aphunzitsi ali ndi yuniyoni ya TUM, ogwira ntchito m'boma ali ndi ya CSTU, ndipo mabungwe ambiri otere amakumana pansi pa MCTU, bungwe lalikulu la mayuniyoni m'dziko muno. Basi, tapita.

Ntchito yoyamba: kunyamula madandaulo. Magolovesi atha, chimbudzi chatsekeka mwezi wathunthu, kapitawo akutukwana anthu. Mmalo moti aliyense azing'ung'udza payekha, iye amalemba n'kukatula kwa mabwana.

Yachiwiri: kukhala nanu pa hearing, ngati malamulo a pakampani panu kapena mgwirizano wa yuniyoni ukulola, ndipo m'malo ambiri umalola. Apa ndichedwepo pang'ono. Ndisanayambe zamakamerazi ndinkagwira ntchito pa nyumba ina yosungira katundu, dzina sinditchula. Mnyamata wina anaimbidwa mlandu woti makatoni awiri a sopo asowa pa shifiti yake. Shop steward wathu anali mayi wachikulire, wosalankhulalankhula, woyenda ndi kope lachikuto cholimba lomanga ndi labala. Atalowa m'chipindamo sanakweze mawu. Anangoti, "Bwana, tingaone nawo buku la pageti la usiku umenewo?" Buku litabwera, zinapezeka kuti mnyamatayo anasainira kutuluka 6 koloko, galimoto ya katundu inatuluka 8 koloko. Nkhani inathera pomwepo. Gawo 57 la Employment Act limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, komanso asanapatsidwe mpata wodziteteza. Koma mpatawo ukaulowa wekha, mawondo akuombana, ngakhale dzina la agogo ako umaliiwala.

Yachitatu: kukambirana za malipiro. Pakampani pamene anthu 20 mwa 100 aliwonse ali mamembala a yuniyoni, bwana amayenera kukhala nayo pansi yuniyoniyo n'kukambirana.

Tsopano tafika pa bodza limene limandiwawa. Mwalimvapo: "Amene uja musamayende naye, ndi wa sitalaka." Kapena bwana pamsonkhano: "Pano ndife banja limodzi, sitifuna anthu oyambitsa chisokonezo." Banja lanji lopanda ovataimu?

Tamverani. Shop steward sangadzuke m'mawa, kuimba wezulo n'kunena kuti lero zida pansi. Akatero ndiye kuti waika anzake onse pamoto, ndipo wodziwa ntchito yake amadziwa zimenezo kuposa aliyense. Lamulo lili ndi njira yake. Mkangano umayenera kukanenedwa kaye kwa mlembi wamkulu mu unduna wa zantchito kuti mbali ziwirizo ziyanjanitsidwe, ndipo pamaperekedwa masiku 21. Zikakanika, pamafunikanso chidziwitso cha masiku 7 anthu asanayambe kunyanyala. Werengani nokha, ndi pafupifupi mwezi. Komanso si nkhani iliyonse imene mungainyanyalire ntchito. Ngati mukukangana pa tanthauzo la lamulo kapena la kontirakiti imene munasaina kale, imeneyo ndi ya ku khoti la zantchito, Industrial Relations Court. Ogwira ntchito zimene zikaima moyo wa anthu ungakhale pachiswe, iwonso ali ndi malire awo.

Onjezani ichi. Mu 2021 aphungu anasintha Labour Relations Act, moti tsopano mukanyanyala kupitirira masiku atatu pachaka, bwana ali ndi mphamvu yodula malipiro a masiku otsalawo. Mabungwe a antchito anakana kwambiri, koma lamulo linadutsa. Ndiye tandiuzani, munthu amene akudziwa kuti tsiku lachinayi anzake ayamba kudulidwa ndalama ya lendi, ndipo madzulo akwera nawo minibasi imodzi kupita ku Ndirande kapena kwa Mgona, angathamangire sitalaka ngati masewera? Nthawi zambiri anthu akapsa mtima n'kuyamba kusonkhana pageti, amene amathamanga uku ndi uku kuwauza kuti "abale, tiyeni titsate ndondomeko" ndi yemweyo amene mukumutcha wachisokonezo. Mabwana amamuda, anzake amamunena kuti wadya chibanzi. Ntchito yosayamikika, ndipo ambiri salandirapo kanthu.

Nanga bodzali linachokera kuti? Lili ndi mizu. Nthawi ya chipani chimodzi mabungwe a antchito anapanikizidwa pansi pa chipani, ndipo wolankhula kwambiri ankaona zakuda. Chakufwa Chihana, amene anali mtsogoleri wa mabungwe a antchito, anakhala m'ndende zaka zingapo m'ma 1970 osazengedwa mlandu. Pa 6 April 1992 atatsika ndege ku Lilongwe kudzaitanitsa ulamuliro wa zipani zambiri, anamangidwanso pabwalo la ndege pomwepo. Mwezi wotsatira, ogwira ntchito ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala, zinthu zinafalikira mumzinda, anthu anaphedwa. Makolo athu anaona zimenezo ndi maso, ndiye akamakuuzani kuti "mwanawe, za yuniyoni uzitalikire," musawaseke. Koma lamulo la 1996 linabwera pambuyo pake, ndipo lero kuchotsa munthu ntchito chifukwa cholowa yuniyoni kapena kuchita nawo zochitika zake zovomerezeka n'kuphwanya lamulo. Kodi mabwana ena amapezabe njira zokhotakhota? Eya, amapeza. Mwadzidzidzi munthu wasamutsidwira ku nthambi ya kutali, kapena kuchedwa kwa mphindi zisanu kwasanduka mlandu waukulu. N'chifukwa chake kope lija limafunika.

Mwa njira, amene mukuonera muli ku Joni, kumeneko ma shop steward ndi nkhani yaikulu, koma malamulo ake ndi ena, musatengere masiku ndatchulawa. Lembani mu comment ngati mukufuna vidiyo yakeyake.

Tinali pa nambala chani? Yachinayi. Kuyang'ana payslip. Sabata ya ntchito siyenera kupitirira maola 48. Ovataimu ya tsiku wamba ndi malipiro a ola limodzi ndi theka lake, ya tsiku lopuma kapena la holide ndi kawiri. Za penshoni tinakamba kale mu vidiyo ya sabata yatha, link ili pansipo, kaioneni mukamaliza ino.

Yachisanu: kukuuzani zoona pamene mwalakwa. Mukabwera kuntchito mutaledzera, shop steward si sing'anga. Adzaonetsetsa kuti mwamvedwa mwachilungamo, basi.

Za miyezi itatu zija. Mukachotsedwa ntchito ndipo mukuona kuti sizinayende bwino, muli ndi miyezi itatu kuchokera tsiku limenelo yokadandaula ku ofesi ya leba ya m'boma lanu. Anthu amakhala kunyumba kudikira kuti mwina bwana asintha maganizo, kalendala ikuyenda. Tengani kalata yokuchotsani, kontirakiti ndi ma payslip, muuze shop steward akuperekezeni.

Sabata yamawa tikamba za alonda ndi antchito a m'nyumba, amene alibe shop steward pafupi. Tumizani vidiyoyi ku gulu la WhatsApp la kuntchito kwanu. Lija mulibe bwana lija.