Zimene ziwerengero za masukulu a boma ku Indiana zikutiuza ife makolo

Zikomo a tcheyamani. Amayi ndi abambo, ndakupatsani moni nonse, makamaka inu amene mwabwera molunjika kuchokera ku shifiti ya usiku. Andipatsa mphindi zochepa, ndiye ndingolowa m'nkhani.

M'masukulu a boma muno mu Indiana, chigawo cha dziko la America, muli ana pafupifupi 1 miliyoni. Pa ana atatu alionse, pafupifupi awiri ndi azungu. Otsatira ndi ana a mabanja ochokera kumaiko olankhula Chisipanishi, kenako ana akuda, ndipo magulu awiriwa sasiyana kwenikweni kuchuluka kwake. Ana otsala pang'ono kufika theka amadya chakudya cha kusukulu chaulere kapena chotsika mtengo, kutanthauza kuti kwawo ndalama n'zoperewera. Gulu limene likukula msanga ndi la ana amene kunyumba amalankhula chinenero china. Ku Fort Wayne ndi kummwera kwa Indianapolis kuli anthu ambiri ochokera ku Myanmar, ku Goshen ndi ku Elkhart kwadzaza Chisipanishi, ndipo kuno ku South Bend tiliponso ife Amalawi.

Tsono mwana wathu akalembetsa, amagwera m'mabokosi amenewa. Amalembedwa kuti ndi wakuda, mwina n'kulembedwanso kuti akuphunzira Chingerezi. Zotsatira za mayeso zikatuluka, magulu awiri amenewa amakhala kumunsi chaka ndi chaka. Ena mwa inu mukaona zimenezi mumataya mtima, ena mumati za ana a eni dziko izo, wanga sizimukhudza. Nonse mukulakwitsa. Chiwerengero cha gulu sichikuuzani za mwana wanu, koma chikukuchenjezani kuti sukulu zambiri zimene ana a m'magulu amenewa amapitako zili ndi mavuto enieni, ndipo mwana wanu akukhala pa desiki yomweyo.

Mayeso akuluakulu alipo awiri. Oyamba ndi ILEARN, amene ana amalemba kuyambira giredi 3 mpaka 8. Amenewa ndi ovuta ndithu: m'chigawo chonse, ana pafupifupi 4 okha pa 10 alionse ndi amene amafika pa mlingo wofunika pa Chingerezi, ndipo masamu nawo ndi chimodzimodzi. Mwana akaperewera pang'ono pa ILEARN, musathamangire lamba.

Amene ndikufuna tikhalepo nthawi ndi IREAD, mayeso a kuwerenga. Kale mwana ankatha kulephera koma n'kupitirira ku giredi 4 mosavuta. Mu 2024 aphungu a chigawo anakhwimitsa lamulo, bwanamkubwa wa nthawiyo Eric Holcomb n'kusainira. Panopa ana onse amayamba kulemba IREAD ali giredi 2. Wakhoza pamenepo, watsuka m'manja. Walephera, amalandira thandizo lapadera n'kudzalembanso ali giredi 3, ndipo akalepheranso pali maphunziro a pa tchuthi chachitali chija ndi mwayi wobwereza mayeso. Zikakanika ponseponse, mwana amabwereza giredi 3. Chaka choyamba cha lamuloli, ana pafupifupi 3,000 anabwereza.

Boma likunyadira zotsatira. Mu 2023 ana a giredi 3 amene anakhoza IREAD anali 81.9 peresenti, mu 2024 anali 82.5, ndipo mu 2025 analumphira pa 87.3. Cholinga chawo n'choti pofika 2027 akhale 95 peresenti. Ine ndikuona kuti kukwerako n'kwenikweni, chifukwa pa mayeso a dziko lonse a NAEP a 2024, amene chigawo sichingawakonze chokha, Indiana inafika pa nambala 6 pa kuwerenga kwa ana a giredi 4. Komabe tisaiwale kuti mwana amene wapatsidwa mipata yambiri yolemba mayeso amodzimodzi, mpata wake wokhoza umakulanso. Mbali ina ya kulumphako yachokera pamenepo.

Chimene chasintha m'kalasi ndi kaphunzitsidwe. Kwa zaka zambiri aphunzitsi ena ankauza mwana kuti akakumana ndi mawu ovuta, ayang'ane chithunzi n'kuganizira. Patsamba palembedwa bunny, mwana waona chithunzi cha kalulu, akuti rabbit, aphunzitsi akuti wakhoza. Mwana ameneyo sanawerenge, wangolota. Akafika m'makalasi amene mabuku ake alibe zithunzi, amagwidwa. Mu 2023 Indiana inaletsa njira imeneyi, ndipo tsopano sukulu zikuyenera kuphunzitsa kulumikiza zilembo ndi maliwu ake. Anatengera chitsanzo ku Mississippi, chigawo chosauka chimene mu 2013 chinali pa nambala 49 pa kuwerenga, koma pofika 2024 chinali m'gulu la khumi oyamba.

Ife amene tinaphunzira kwathu, kodi zimenezi n'zachilendo? A, e, i, o, u. Ba, be, bi, bo, bu. Ndimo mmene tinaphunzirira sitandade 1, ena tili pansi pa mtengo. Mwana amene wabwera kuno akudziwa kale kuphatikiza maphatikizo m'Chichewa ali ndi poyambira pabwino. Chimene chimamusowa ndi mawu a Chingerezi okwanira komanso kuzolowera kuti m'Chingerezi chilembo chimodzi chimatha kumveka mosiyanasiyana. Choncho madzulo mukakhala naye, bisani chithunzi ndi dzanja, muloze mawuwo ndi chala, awerenge. Mukamaliza mumufunse m'Chichewa kuti nkhaniyo ikuti chiyani. Akafotokoza bwino m'Chichewa, wamva.

Apa ndifike pa fomu ija imene ambiri timaizemba. Polembetsa mwana koyamba, amakufunsani chinenero chimene amalankhula kunyumba. Ndamva makolo akulangizana kuti ingolembani English, kuopa kuti mwana angaikidwe m'kalasi ya ofooka. Ndikumvetsa manthawo, koma taganizani. Mukalemba Chichewa, mwana amayesedwa kaye. Akapezeka kuti Chingerezi chake n'chokwanira, nkhani yathera pomwepo. Akapezeka kuti akufunika thandizo, amalandira mphunzitsi womuthandiza, ndipo chaka chilichonse cha m'ma January ndi February amalemba mayeso a WIDA ACCESS kuti aone mmene akupitira patsogolo. Muli ndi ufulu wokana thandizolo, ngakhale mayeso a chaka ndi chakawo alembabe. Chachikulu n'chakuti mwana wolembedwa kuti akuphunzira Chingerezi, amene sanakwanitse zaka ziwiri akulandira thandizolo, lamulo limalola kuti asabwerezedwe giredi 3. Mwana wofika chaka chatha kuchokera ku Dedza, amene munamulembera English, chitetezo chimenechi mwamulanda nokha.

Wina anandifunsa panja za mapepala okhalira m'dziko muno. Kuyambira 1982, khoti lalikulu la dziko lino linagamula pa mlandu wa Plyler v. Doe kuti mwana aliyense ali ndi ufulu wophunzira pa sukulu ya boma, kaya makolo ake ali ndi mapepala kaya alibe. Ndiponso kuyambira 2023 sukulu za boma mu Indiana sizilipiritsanso mabuku.

Komaliza, kujomba. Chaka cha sukulu kuno ndi masiku 180. Mwana akajomba masiku 18, kaya ndi chilolezo kaya ayi, amalowa m'kaundula wa ojombajomba, ndipo mliri wa Covid utangodutsa, mwana mmodzi pa asanu alionse anali m'kaundula ameneyu. Ife vuto lathu ndi December. Tikiti ndi yodula, ndiye timati tikapita kumudzi tikakhaleko mwezi wathunthu, agogo akaone adzukulu. Tchuthi cha Khirisimasi ndi cha milungu iwiri yokha. Onjezani milungu itatu, masiku 15 apita, chimfine chimodzi chikamugwira wakwanitsa 18, ndipo IREAD ikubwera mu March. Amene muli ndi ana a giredi 2 ndi 3, ulendo umenewo usunthireni ku July, mutadziwa kaye kuti mwana sakufunika ku maphunziro a pa tchuthi.

A tcheyamani akundikodola. Amene mwabwera ndi mapepala a zotsatira za ana anu, ndikhala pa tebulo la kumbuyoko tikatha kudya, tiwerengere limodzi.