Wa Ng'oma Amakhala Kumbuyo

Moni nonse amene mwatsegula gawo la lero. Mukamva mahutala kumbuyoku musadabwe, ndi matakisi a mu Rockey Street. Ndatseka mawindo, ndapachika bulangete pachitseko, koma Yeoville wa kuno ku Joni sagona.

Sabata yatha achimwene ena a ku Matawale ananditumizira mawu pa WhatsApp. Akuti, "Akulu, mumangotiuza za mapepala ndi lendi, nanga za ng'oma zija mudzatiuza liti? Mwaimbirapo mabandi angati kunjako?" Achimwene, ndinayamba kuwerenga ndi zala, zala zinatha ndisanafike pakati. Ndiye lero tikambe zimenezo.

Ine ng'oma sindinaphunzire kusukulu. Amene munakulira ku Chinamwali mukudziwa kuti Zomba ndi tauni ya asilikali kuyambira nthawi ya King's African Rifles, ndipo mwana wa kumeneko amakula akumva kuguba kwa ku Cobbe Barracks. Beni amene timavina uja anachokera komweko, makolo athu ankatsanzira pelete wa asilikali a azungu mpaka anamusandutsa wawo. Mbali inayi kunali manganje. Nthawi ya zinamwali ikafika, gulu limatuluka cha ku Songani kudzaza msewu wonse, galimoto kuima, ife ana kuthamangira kumbuyo mpaka kuiwala kuti tatumidwa kuchigayo. Malume anga anali woomba ng'oma. Ndimawaonabe m'maso akuyatsa kamoto ka udzu, kuyandikiza ng'oma kuti chikopa chikungike, kugogoda ndi chala, kupendeketsa mutu, kuibwezeranso pamoto. Phula ankalimata pakati kuti mawu atsike. Sanandiuzepo kuti omba chonchi. Ndikalakwitsa ankangondiyang'ana, ndipo diso limenelo linkapweteka kuposa khofi.

Madiramu anga oyamba anali chigubu cha mafuta ophikira, chopondera cha waya, ndi zitsekerero za mabotolo zotunga pa sipoko ya njinga. Kenako kwaya ya kutchalitchi, kenako kabandi ka maukwati. Tinkazungulira Mpondabwino, Sadzi, Chikanda, nthawi zina ana a ku Chancellor College akatiitana. Masiku amenewo aliyense ankafuna kumveka ngati a ku Balaka, kwa Alleluya Band, ndipo Evison Matafale atamwalira mu 2001 aliyense anatembenukira ku rege wa ku Chileka. Pa pelekanipelekani wa ng'oma umaomba maola anayi osapuma, anthu akuponya ndalama mu lichero, iwe madzulo kulandira ya kabaza yokha.

Ndinakwera basi ya ku Joni ndi timitengo tiwiri m'chikwama. Mwanza, Zobue, mlatho wa Tete, Nyamapanda, Beitbridge, ambiri mukuidziwa njirayi. Chaka choyamba timitengoto sitinagwire ntchito, ndinkatchetcha kapinga kwa mzungu wina. Kenako kunabwera Meyi wa 2008, chipolowe cholimbana ndi anthu obwera chija chinayambira ku Alexandra, anthu 62 n'kuphedwa. Za masiku amenewo ndinakamba kale m'gawo lina, sindibwereza. Ndingonena kuti munthu amene anandibisa m'chipinda chake anali wa ku Kinshasa, woimba besi gitala, ndipo ndi iyeyo ananditengera ku bandi yanga yoyamba kuno.

Abale, ndinkadziyesa katswiri. A ku Congo anandivula ukatswiri usiku umodzi. Nyimbo yawo imayamba mofatsa, rumba yabwinobwino, iwe n'kumati zophweka izi. Ndiye ikafika pa sebene, gawo lothamanga lovinira lija, zinthu zimasintha. Pali kaombedwe kena kotchedwa cavacha, kamene anayambitsa Meridjo Belobi wa Zaiko Langa Langa potsanzira kulira kwa mateyala a sitima panjanji. Ntchito yonse ili pa snare, kang'oma kokhala ndi mawaya kunsi kaja, manja onse awiri, osaphonya, osathamanga, osakongoletsa. Ine ndinazolowera rege, kumene wa ng'oma amasiya mipata n'kumapuma. Kuno mpata kulibe. Mkulu wa bandi ankandikalipira m'Chilingala, zikamukwana n'kusinthira ku Chifalansa, ine osamva chilichonse koma kudziwa ndithu kuti si madalitso. Ndinatuluka matuza m'zala. Miyezi itatu ndinkayeserera pa pilo usiku kuti eni nyumba asandithamangitse. Tsiku limene anasiya kutembenuka kundiyang'ana ndi limene ndinadziwa kuti ndalembedwa ntchito. Wa ng'oma akamaomba bwino palibe amene amacheuka.

Kuchoka apo ndinagwera kwa anyamata a ku Zimbabwe oimba sungura. Iwo amatitcha mabhurandaya, kuchokera ku dzina la Blantyre, ngakhale uwauze kakhumi kuti kwanu ndi ku Zomba. Ndinkawabwezera kuti mfumu yawo ya sungura, Alick Macheso, magazi ake ndi akwathu, ndiye asamachite matama. Sungura ndi liwiro, dzanja lamanja pa hi-hat, timbale tiwiri tachitsulo tija, ngati ukusoka pa makina. Tinkaimba m'mabala a ku Hillbrow mpaka kucha. Bandi imeneyo inatha chifukwa cha mkangano wa sipika, osati wa nyimbo.

Za matchalitchi ndidutsa msanga. Ndaombera a ku Nigeria, a ku Ghana, a konkuno, ndi akwathu omwe. Ndinene chilungamo, lendi ya zaka zambiri inachokera kumeneko, chifukwa Lamulungu silijomba pamene bala imatha kutsekedwa. Abusa akakweza mawu iwe umakweza, akatsitsa umatsitsa. Ena mwa abusawo ndimawalemekeza mpaka lero. Ena ayi.

Chimene chimandiwawabe ndi cha ku situdiyo. Woimba wina wa maskandi, nyimbo za Chizulu za gitala, dzina ndisunga, ananditenga kuti ndiombe chimbale chonse. Masiku asanu. Anandipatsa ya takisi ndi chakudya, akuti zambiri zibwera chimbale chikatuluka. Chinatuluka, ndinachimva m'takisi ndikupita ku ganyu, dalaivala akugwedeza mutu pa ng'oma zanga. Pachikuto dzina langa panalibe. Kuno kuli mabungwe otolera ndalama za oimba, SAMRO ya opeka nyimbo ndi SAMPRA ya amene anajambula, monga kwathu tili ndi COSOMA, koma kuti ulandire kanthu dzina lako liyenera kulembedwa penapake. Ndipo munthu amene mapepala ako ali okayikitsa sukakamira, umaopa kuti mawa akuitanira apolisi. Iye ankadziwa zimenezo. Achinyamata amene mukubwera ndi zida zanu, musanakhale pampando funsani kuti dzina lanu alemba pati, ndipo theka la ndalama likhale m'thumba.

Tsopano pali usiku umodzi umene ndimafuna muumve. Ndinaitanidwa kukalowa m'malo mwa mnzanga wodwala mu bandi ya jazi ku Newtown. Anthu ophunzira, owerenga nyimbo papepala, ine pepalalo ndikungoliona ngati nyerere zayenda pa ufa. Ndinaganiza zongotsatira besi mwakachetechete kuti ndisachite manyazi. Pakati pa nyimbo yachitatu mkulu wa bandi, bambo wa imvi woimba lipenga, anatembenuka. Mtima unagwa, ndinati basi ndachotsedwa. Titapuma anabwera n'kundifunsa kuti chimene dzanja langa lamanzere likuchita n'chiyani. Ine sindinkadziwa kuti likuchita kanthu. Anandiuza kuti ndibwereze pang'onopang'ono. Nditabwereza ndinaseka ndekha. Anali manganje. Dzanja lamanja linali ku Newtown, lamanzere lili pa msewu wa ku Songani likuthamangira anamwali.

Zaka zonsezo ndinkabisa Zomba. Kwa a ku Congo ndinkayesetsa kukhala wa ku Kinshasa, kwa a sungura wa ku Chitungwiza, m'takisi ndinkayankhula Chizulu chothyokathyoka kuti ndisadziwike. Bambo aja anandisunga zaka zitatu chifukwa cha chinthu chomwe ndinkachibisacho. Anandiuza kuti ndipeze ng'oma yeniyeni yakwathu, ndipo malume ananditumizira pa basi, yokulungidwa m'chitenje pamodzi ndi thumba la mpunga wa ku Chilwa. Pa Beitbridge akuti a pachipata anaigogoda kufuna kumva ngati muli katundu m'kati.

Mu Disembala 2015, akaidi oimba a kundende ya Zomba atasankhidwa kukapikisana nawo pa mphoto za Grammy za 2016, a mu bandi anabwera ndi foni kudzandionetsa, akuti kodi si kwanu uku? Ndinati ndi kwathu, khoma lake ndinkalidutsa popita kumsika. Tsiku limenelo ndinayenda mokweza mapewa ngati ndine ndasankhidwa.

Corona ndiye anatigwetsa tonse. Pa 27 Malichi 2020 dziko lino linatsekedwa, mabala, matchalitchi, maukwati, zonse zii. Madiramu amene ndinawasonkhanitsa chidutswachidutswa kwa zaka khumi ndinawagulitsa kuti ndilipire chipinda. Ng'oma ya malume yokha ndinakana. Zitatseguka ndinapeza dziko lili pa nyimbo za amapiano, ndipo log drum imene mumaimva ikugunda m'chifuwa ija si ng'oma, ndi kompyuta. Sindinyoza, ana amenewa ali ndi makutu. Mmodzi wa ku Soweto anandiitana, anandijambula ndikumenya ng'oma kamodzikamodzi, apa pakati, apa m'mphepete, apa ndi chikhatho, n'kundilipira tsiku lomwelo. Pano ali ndi ine m'kompyuta mwake, ndimaomba nyimbo zimene sindinazimvepo, ndipo kumeneko sinditopa kapena kupempha ya takisi. Ndikaganiza ndimaseka, nthawi zina sindiseka.

Ndiye achimwene a ku Matawale, mabandi angati? Amene anandilipira ndi ochepa kuposa amene ndinawaombera, ndipo amene amakumbukira dzina langa ndi ochepanso kuposa pamenepo. Ambiri amangoti Malawi. "Muitaneni Malawi uja." Kale zinkandinyansa, pano ndimayankha.

Ndisanatseke, pempho. Kuzizira kwa Juni kuno kwandiphera chikopa. Udzu woyatsa kulibe, ndimawamba ng'oma pa hita ngati munthu wodwala, ndipo sabata yatha chayamba kung'ambika m'mphepete. Ngati alipo amene akukwera basi mwezi uno kuchokera ku Zomba, andiuze pa WhatsApp, malume akonza kale chikopa ndi phula, akungosowa wonyamula. Ya katundu ndilipira ine. Pano ndithamange, a ku Congo aja andiitananso usiku uno, wa ng'oma wawo wapita ku Cape Town osatsanzika. Tsalani bwino, mupereke moni ku Chinamwali.