Nkhandwe za pa Kachisi wa Inari Si Milungu

Takulandiraninso nonse. Lero tili ku Japan, mumzinda wa Kyoto, pa kachisi wa Fushimi Inari Taisha, ndipo musachoke msanga chifukwa pali bodza lina limene ndatopa kulimva, lakuti a ku Japan amapembedza nkhandwe.

Choyamba, mwachidule. Shinto ndi chipembedzo cha makolo cha ku Japan, ndipo Inari ndi mulungu woyang'anira mpunga, zokolola ndi malonda. Kachisi wa ku Fushimi anakhazikitsidwa m'chaka cha 711, ndipo ndiye likulu la akachisi a Inari pafupifupi 30,000 m'dziko lonselo. Zipata zofiira zimene mumaziona pa zithunzi zija, zotchedwa torii, zimaperekedwa ndi makampani komanso anthu wamba, ndipo mayina awo amalembedwa kuseri kwake.

Chachiwiri, ndipo pano ndiima nthawi yaitali. Anthu ambiri akaona ziboliboli za nkhandwe zitakhala uku ndi uku pa khomo la kachisi, amathamangira kunena kuti a ku Japan amapembedza nkhandwe. Ayi ndithu! Nkhandwe, imene iwo amaitcha kitsune, ndi mthenga chabe wa Inari. Tayang'anitsitsani pakamwa pa ziboliboli za nkhandwezi. Ina yaluma kiyi wa nkhokwe ya mpunga, ina yaluma ngala ya mpunga, inanso mpukutu wa zolemba kapena mwala wamtengo wapatali. Wosunga kiyi wa nkhokwe si mwini nkhokwe, ndipo ife amene tinakulira pafupi ndi nkhokwe sitifunika kuuzidwa kawiri zimenezi. Amithengawa amati ndi nkhandwe zoyera zosaoneka ndi maso, osati zija zoyendayenda m'tchire. Anthu amazimangirira kansalu kofiira m'khosi n'kuzipatsa tofu wokazinga (chakudya chopangidwa ndi soya), yemwe amati zimamukonda kwambiri, koma pemphero limapita kwa Inari.

Chachitatu, manga, omwe ndi mabuku a nkhani za m'zithunzi a ku Japan. Olemba mabuku a zithunziwa amatola nkhandwe za mitundu iwiri, ndipo oonera ambiri amazisokoneza. Mu Gingitsune ya Sayori Ochiai, komanso mu Kamisama Kiss ya Julietta Suzuki, nkhandwe ndi wantchito wa pa kachisi, wonyada ndi waukali koma womangika ku udindo wake, ndipo nkhani imakoma chifukwa wamphamvuyo ayenera kumvera kapena kuthandiza mtsikana wamba. Koma nkhandwe ya michira 9 imene inatsekeredwa m'thupi la mnyamata mu Naruto, nkhani ya Masashi Kishimoto imene inatuluka kuyambira 1999 mpaka 2014, si ya pa kachisi wa Inari. Mizu yake ili m'nthano zakale za ku China, ndipo ku Japan imadziwika kudzera mwa Tamamo-no-Mae, nkhandwe imene amati inadzisandutsa mkazi wokongola n'kudwalitsa mfumu Toba. Nthanoyo imati itaphedwa, mzimu wake unalowa m'mwala wotchedwa Sesshō-seki ku Nasu. Mwalawo unang'ambika pakati mu Marichi 2022, ndipo pa intaneti panali chipwirikiti, anthu akuseka kuti chilombo chija chathawa.