Makalata a omvera: laputopu ikayamba kuzimazima

Takulandiraninso omvera nonse, a ku Chinamwali, Matawale, Sadzi mpaka ku Domasi. Sabata ino makalata ambiri ndi odandaula za malaputopu, moti ndikukayikira kuti makinawa anachita kupangana.

Tiyambe ndi chemwali wina wa ku Chikanda, wophunzira pa yunivesite kuno. Akuti: "Laputopu yanga ndi yakale, anandisiyira achimwene. Ndikamalemba ntchito yanga ya chaka chomaliza pabedi usiku, sikirini imasanduka yabuluu, n'kuzima, n'kuyakanso yokha. Mkati mukumveka kaphokoso koti tchi tchi tchi. Wokonza wina wati ndingofomata."

Chemwali, kalata yanuyi yandikhudza. Chonde musafomate kaye! Kufomata kumafufuta zonse, ntchito yanuyo kuphatikizapo. Kaphokosoko kawirikawiri ndi hadi disiki imene yayamba kutha. Mkati mwake muli timbale tozungulira ndi kamkono kowerenga, ndiye kamkonoko kakayamba kugogoda, tsiku lililonse ikhoza kungokana kuyaka. Lero lomwe koperani ntchitoyo pa fulashi, ina mudzitumizire pa imelo. Ikakaniratu, wokonza wodziwa ntchito angathe kuchotsa disikiyo n'kuilumikiza ku kompyuta ina, mwina mafayilo n'kupulumuka.

Sikirini yabuluuyo isakuopseni, imanena vuto. Ijambuleni ndi foni. Mukaona KERNEL_DATA_INPAGE_ERROR, kayikirani disiki. Mukaona MEMORY_MANAGEMENT, yesani RAM (kachipangizo kosunga kwakanthawi zimene makina akugwira) ndi pulogalamu ya Windows Memory Diagnostic, yomwe ili kale m'makinamo. Ndalama ikapezeka ikani SSD, disiki yamakono, ilibe chozungulira ndipo makina akale amachangamuka nayo.

Koma ndikudzudzuleni pang'ono. Pabedi? Bulangete limatseka timabowo totulutsa mpweya wotentha. Onjezanipo fumbi lodzaza pa fani ndi kutentha kwa Okutobala, makina amadzizimitsa okha kuti purosesa isapse. Ikani patebulo, ndipo ikapukutidwe mkati.

Bambo a ku Thondwe akuti vuto linayamba atangolumikiza pulinta yatsopano. Bambo, gwirani Shift podina Restart, mulowe mu Safe Mode (momwe Windows imayaka ndi zofunika zokhazokha), muchotse dalaivala, kapulogalamu koyendetsa pulintayo.

Mayi a ku Malosa akufunsa ngati Windows 7 idakali bwino. Mayi, Microsoft inasiya kuisamalira mu Januwale 2020, ndipo Windows 10 nayonso inafika pamapeto pa 14 Okutobala 2025. Za ku banki musachitirepo. Mufunse za Linux Mint, yomwe imalowa m'malo mwa Windows, ndi yaulere ndipo makina ofooka imayenda nawo bwino.

Tsopano ndilankhule ndi nonse, chifukwa nkhani imodzi ikubwerezabwereza. Batire inafa kalekale, mukudalira chaja, magetsi akathima makina amazima pakati pa ntchito, mafayilo a Windows n'kuwonongeka. Fulashi imodzi yayenda kalasi yonse, yalowa kosindikizira mapepala m'tauni, yabwera ndi mavayirasi. Kenako mukuti laputopu yalodzedwa! Ndalama ya bando ya Facebook ilipo, ya batire ayi? Ineyo sindikuvomereza. Amene mwakumana nazo kale, tsegulani Command Prompt (kawindo kakuda kolembamo malamulo) ngati administrator, mulembe sfc /scannow, Windows ikonze mafayilo ake.

Pomaliza, achimwene a ku Songani akuti yawo ikauma amaimenya khofi ndipo nthawi zina imatheka. Achimwene, khofi ameneyo ndi amene akumaliza disiki yanu. Gwirani batani loyatsira mpaka izime, muyatsenso. Makalata otsalawa tiwerenga sabata yamawa.