Kuzizira kwa Lusaka ndi nsomba za m'maiwe

Takulandiraninso abale anga, makamaka inu amene mukugwira ntchito m'mafamu a ku Chongwe, Chilanga ndi Kafue, komanso amene mwakumba kadziwe kuseri kwa nyumba. Lero tikambe za Juni ndi Julayi, miyezi imene anthu ambiri ochokera kunyanja amataya nsomba kuno osadziwa chifukwa chake.

Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280. Mangochi ndi Salima ali pansi, cha m'ma 500, chimodzimodzi Siavonga kunyanja ya Kariba. Beira ndi Dar es Salaam ali m'mphepete mwa nyanja yamchere. Mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo. Kuwonjezera apo, nyanja imasunga kutentha kwa masana n'kumakutulutsa usiku, pomwe kuno kumwamba kukayera mbee, kutentha konse kumathawa. M'bandakucha wa Julayi mpweya umatsika pansi pa madigiri 10, ndipo m'madambo kumazizira koposa. Amene anakulira ku Dedza akudziwa zimene ndikunena.

Nsomba za mtundu wa chambo, kaya ndi Kafue bream, kaya makumba, zimakula bwino madzi akakhala pa madigiri 26 mpaka 30. Akatsika pansi pa 20 zimadya monyinyirika ndipo zimasiya kuswana. Cha m'ma 16 zimangoti duu pansi. Akafika 11 kapena 10 zimayamba kufa.

Vuto lalikulu ndi chakudya. Munthu wazolowera ku Salima, akupitiriza kuthira madeya ndi mapeleti ngati m'Okutobala. Nsomba sizikudya, chakudya chikumira, chikuwola, chikutha mpweya wa m'madzi. M'mawa mupeza nsomba zikuyasama pamwamba, inu n'kumati ndi njala, n'kuthiranso china. Ayi. Werengani chonchi: nsomba 1,000 zolemera magalamu 150 imodzi ndi makilogalamu 150. Nyengo yotentha mumapereka chakudya chokwana 3 peresenti ya kulemera kwa nsombazo, ndiye makilogalamu 4.5 patsiku. Madzi akatsika pansi pa 20, bwererani pa 1 peresenti, kilogalamu imodzi ndi theka, kamodzi kokha, cha m'ma 2 koloko masana madzi atafunda. Ponyani kadzanja kaye. Zikapanda kubwera pakatha mphindi 15, tsiku limenelo lapita, sungani thumba lanu. Manyowa othira m'dziwe nawonso chepetsani.

Gulani thermometer yoyezera kutentha kwa madzi, ndi yotchipa kuposa thumba limodzi la mapeleti. Yezani 6 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, muviike mpaka pachigongono, osati pamwamba pokha.

Kuya kwa dziwe kumapulumutsa. La masentimita 60 limazizira lonse usiku umodzi. Mbali yakuya ifike mita imodzi ndi theka kuti nsomba zipeze pothawira. Kumbali kochokera mphepo, kumene nthawi ino kumakhala kum'mawa chakum'mwera, mangani mpanda wa udzu, koma usatchinge dzuwa. Pa matanki ndi timaiwe ta ana a nsomba, pulasitiki ya greenhouse yoyalidwa pa mapaipi opinda imathandiza kwambiri. Masana tsegulani kumapeto kuti mpweya uzidutsa. Madzi a m'mjigo m'mawa amakhala ofundirapo kuposa a m'dziwe, koma alibe mpweya wokwanira, choncho agwere pamiyala kapena pathabwa asanalowe.

Khoka lisalowe m'madzi nthawi ino pokhapokha mukukolola zogulitsa. Nsomba ikasupuka mamba m'madzi ozizira, pabalapo pamamera zoyera ngati thonje, ndipo pakatha masiku ochepa muyamba kutola zakufa. Mukakakamizika kusamutsa, thirani mchere wamiyala magalamu 5 pa lita iliyonse ya madzi onyamulira. Mbewu yatsopano ya ana a nsomba dikirani nayo mpaka Seputembala, kuti mudzakolole cha mu Epulo kuzizira kusanabwere.

Anzathu a ku Beira kapena Dar es Salaam amachepetsako chakudya pang'ono chabe m'miyezi imeneyi. Nkhawa yawo ndi ina: madzi a m'zitsime olowa mchere, nthaka yowawasa yofuna laimu wambiri ya kufupi ndi mitengo ya m'matope a kunyanja, ndi mpweya wochepa nyengo yotentha. Malangizo awo pa WhatsApp musawatenge onse osafunsa kuti dziwe lawo lili kuti. Likulu la dipatimenti yoona za nsomba lili pompano ku Chilanga, ndipo alangizi ake amadziwa madzi a kuno. Sabata yamawa tikamba za milamba m'matanki a simenti.