Makalata a Omvera: Nkhawa ndi Matumbo Otupa

Kalata yoyamba lero yachokera kwa mayi wina amene wapempha kuti tisamutchule dzina. Akuti: "Adokotala adandipeza ndi matenda otupitsa matumbo a ulcerative colitis. Ndimakhala bwino miyezi ingapo, koma mwana akangodwala kapena kuntchito kukavuta, m'mimba mumayambanso kupota. Usiku umodzi ndimadzuka kasanu, magazi ali pomwepo. Apongozi akuti ndi maganizo chabe. Zoona?"

Pepani kwambiri mayi, ndipo ayi, si maganizo chabe. Zilondazo ndi zenizeni: chitetezo cha thupi lanu chikuukira mkati mwa matumbo aakulu. Nkhawa siyambitsa matendawa, koma imatha kuwadzutsa, ndipo njira yake ilipo.

Munthu akachita mantha, tiziwalo tiwiri ta pamwamba pa impso timatulutsa timadzi ta uthenga totchedwa adrenaline, pomwe minyewa imathira tina totchedwa noradrenaline mpaka m'makoma a matumbo. Uthengawo umalandiridwa ndi timalo tapadera pa maselo, totchedwa ma adrenergic receptor. Mu 1948 Raymond Ahlquist adatigawa pawiri, alpha ndi beta. Chimene chimandichititsa chidwi ine n'chakuti timaloti tili ngakhale pa maselo a chitetezo. Ta mtundu wina wa beta, totchedwa beta-2, tikakhudzidwa, maselowo amachepetsa TNF, chokolezera kutupa chija chimene mankhwala a infliximab amalimbana nacho. Ndi mabuleki amenewo. Koma m'matumbo otupa nthawi yaitali, minyewa yobweretsa noradrenaline imatha kuchepa, mabuleki n'kufooka. Pa kafukufuku wa pa mbewa, ta mtundu wina wa alpha, totchedwa alpha-2, tidapezeka tikukolezera moto m'malo mouzimitsa. Apongozi anu muwauze mwaulemu zimenezi, ndipo adokotala muwafotokozere nthawi zimene matenda amayambiranso.

Bambo wina wa matenda a Crohn, amenenso amatupitsa matumbo, walemba kuti: "Ndimamwa propranolol chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Ndamva kuti amatseka ma beta receptor. Ndisiye?"

Bambo, musasiye nokha, chonde. Mankhwala amenewa mukawasiya mwadzidzidzi, mtima umatha kugunda mothamanga kwambiri, magazi n'kukwera. Funso lanu ndi lomveka, ndipo mukalifunse kwa dokotala amene akudziwa matenda anu onse awiri, mutatenga mapaketi a mankhwala onse amene mumamwa. Amene ndikukuchenjezani nawo kwambiri ndi opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, chifukwa amatha kudzutsa zilonda za m'matumbo. Mutu ukawawa, yambani mwafunsa musanameze.