Makina Akalemba U0100, Musathamangire Kukagula Bokosi

Zikomo a wapampando. Zikomo akuluakulu nonse, amakanika anzanga, madalaivala, ndi inu achinyamata amene mukuphunzira ntchito m'magalaja a kuno ku Chitakale. Ndaona ena mwachokera ku Limbuli, ena ku Luchenza. Muli kumbuyoko senderani kuno, ndabwera ndi waya woti mumuone ndi maso.

Vuto limene ndikufuna tikambirane mukulidziwa. Galimoto yakana kulira, kapena ikuyenda koma yakakamira giya imodzi, magetsi a pa dashibodi ayaka onse, singano ya liwiro yagona pansi. Mwalumikiza makina oyezera, atulutsa nambala yoyamba ndi chilembo U. Pomwepo mwini galimoto akuuzidwa kuti, "Bwana, bokosi la kompyuta lapsa, pitani ku Limbe mukagule lina." Abale anga, zimenezi zimandipweteka mtima. Munthu amagulitsa mbuzi, amakongola ndalama ku banki mkhonde, bokosi afika nalo, kulimanga, galimoto ili chete ngati kale.

Magalimoto amene tikulandira kuchokera ku Japan masiku ano, za Sienta, Vitz, Note, Fit, sakhala ndi kompyuta imodzi yokha ayi. Injini ili ndi bokosi lake, giyabokosi lake, mabuleki a ABS lawo, dashibodi nayonso ndi kompyuta payokha. Mabokosi onsewa amayankhulana kudzera pa mawaya awiri okha, opotedwa pamodzi ngati chingwe cha khonje. Ndi awa ndanyamulawa. Dzina lake ndi CAN, njira imene kampani ya Bosch ya ku Germany inatulutsa mu 1986. Waya mmodzi amatchedwa CAN High, mnzake CAN Low.

Tsono mvetserani apa. A mfumu akaitanitsa msonkhano, munthu wa tsidya lija la mtsinje wa Lichenya osafika, mlembi amalemba kuti uje sanabwere. Salemba kuti wamwalira. Mwina mlatho wakokoloka, mwina uthenga sunamupeze, mwina wagona ndi njala alibe mphamvu zoyendera. Nambala za U ndi choncho. Amene amalemba U0100 si bokosi la injini. Amalemba ndi anzake, kudandaula kuti wa injini sitikumumva. U0101 ndi wa giyabokosi amene wasowa, U0121 ndi wa ABS, U0155 ndi wa dashibodi. Nchifukwa chake musamangoyeza injini yokha. Lowani m'mabokosi onse, muone amene akuyankha ndi amene ali duu. Onse akaloza mmodzi, pitani kwa iyeyo. Aliyense akamadandaula za mnzake, vuto lili pa msewu wa mawaya kapena pa magetsi. Ndipo chonde, lembani manambalawo papepala musanawafufute. Ukafufuta usanalembe wataya mboni.

Poyambira ndi pa batire, nthawi zonse. Batire yabwino itapuma imaonetsa mavoti 12.6. Ikamagwa kutsika pa 10 pamene mukuliza injini, mabokosi ena amazima kwa kamphindi, anzawo nkulemba kuti asowa. Galimoto imene yakhala ikujampidwa m'mawa uliwonse imadzaza manambala a U popanda chowonongeka chilichonse. Mukatero yang'anani fyuzi ya bokosi limene lili chetelo, kenako waya wake wa ethi, uja wolumikiza bokosilo ku chitsulo cha galimoto. Inde achimwene, mwafunsa bwino ngati ethi tingangomuona ndi maso: ayi, kumuona ndi maso sikokwanira. Bawuti imaoneka yomanga koma pansi pake pali dzimbiri. Masulani, palani mpaka chitsulo chiwale, mangani. Bokosi lopanda moto kapena ethi siliyankhula, ngakhale likhale latsopano.

Moto ukakhala kuti ulipo, tengani mita yoyezera magetsi. Pansi pa chiwongolero pali soketi ija timalowetsamo makina, ya mabowo 16. Nambala 6 ndi CAN High, nambala 14 ndi CAN Low. Zimitsani kiyi, chotsani theminolo ya negativi pa batire, dikirani pang'ono, ikani mita pa ma ohm, yezani pakati pa 6 ndi 14. Muyenera kupeza pafupifupi 60. Chifukwa chake nchakuti kumapeto kulikonse kwa mawaya awiriwa kuli resistor, kachipangizo kochepetsa kuyenda kwa magetsi, ya ma ohm 120, kawirikawiri mkati mwa bokosi, ndipo ziwirizo zikalumikizana zimapereka 60. Mukapeza 120, dziwani kuti mbali imodzi yasiyana ndi inzake: waya waduka, pulagi yazuka, kapena resistor yafa. Mukapeza pafupi ndi 0, mawaya awiriwa akhudzana penapake. Bwezerani batire, tsegulani kiyi, yezani mavoti a waya aliyense ndi ethi. Onse amasewera pafupi ndi 2.5, High pamwamba pang'ono, Low pansi pang'ono. Mukaona 12 kapena 0, pali shoti. Ndichenjeze pang'ono: magalimoto ena akale amayankhula ndi makina kudzera pa nambala 7, ndipo ena atsopano ali ndi bokosi la pachipata lotchedwa gateway, moti pa soketi simuona msewu wonse. Pamenepo funani chithunzi cha mawaya a galimoto imeneyo.

Nanga kwathu kuno chimadula mawayawa nchiyani? Choyamba madzi. Mvula ya pansi pa phiri la Mulanje ili mukuidziwa, chiperoni chikabwera zinthu siziuma sabata yathunthu. Madzi amalowera pa galasi lakutsogolo kapena m'mphepete mwa chitseko, nkukakhala pansi pa kapeti, pamene pali mapulagi. Mukazula mupeza mapini abiriwira. Namondwe wa Freddy atadutsa mu 2023, magalimoto amene analowa madzi ena analira bwinobwino, vuto nkudzaonekera patapita miyezi dzimbiri litadya mapini. Makoswe nawonso, makamaka inu onyamula chimanga. Misewu ya m'minda ya tiyi imagwedeza mawaya mpaka kukhulika pa chitsulo.

Koma china timachita ndife amisiri. Pomanga wailesi, alamu kapena tracker, mnyamata amasenda waya aliyense amene wamupeza pafupi. Ana anga, mukaona mawaya awiri opotedwa, asiyeni. Musawabaye ndi tesita ya babu. Mukafunika kulumikiza poduka, wotchererani bwino, kutirani, ndipo muwapotenso monga analili, chifukwa kupotako ndi kumene kumateteza uthenga kuti usasokonezedwe ndi magetsi ena a m'galimoto.

Zimachitika ndithu kuti bokosi limodzi lawonongeka nkutseka pakamwa anzake onse. Polipeza, zimitsani kiyi, zulani bokosi limodzi, tsegulani, yesani makina. Bwezerani, pitani pa lina. Limene mwazula anzake nkuyamba kuyankha, mwaligwira, koma yang'anani pulagi yake kaye. Moto ulipo, ethi ali bwino, mawaya afika, lokha silikuyankha: apo ndiye muuzeni mwini galimoto za kugula. Mumuuzenso kuti bokosi la injini nthawi zambiri limafuna kulidziwitsa kiyi wa galimotoyo ndi makina, si longomanga nkunyamuka.

Panjapo pali Sienta imene bambo aja abwera nayo. Tiyeni tituluke. Inu achemwali amene mukuphunzira zamagetsi, gwirani mita iyi, muyambe ndinu kutipezera nambala 6 ndi 14.